Kogona ndi kokaona ku Edinburgh: Old Town, New Town, Leith kapena Newington?

Mapu a Edinburgh amanama. Pafoni mumaona msewu wa Cowgate ukudutsana ndi South Bridge ngati pamphambano wamba, koma mukafika pamalopo mupeza kuti wina uli pansi, winayo ukudutsa pamwamba pake pamlatho, ndipo kuchoka pa wina kufika pa unzake mpaka muzungulire ndi kukwera chitunda. Mbali yakale ya likulu la Scotland limeneli inamangidwa pamsana wa mtunda wotsika kuchokera pathanthwe lomwe linatsala phiri lophulika litazima. Hotela yolembedwa kuti ili pafupi ndi siteshoni ya sitima ikhoza kukhaladi pafupi, koma pamwamba pa masitepe ambirimbiri. Ndiye posankha kogona, funso loti "kodi ndi pafupi ndi Castle?" (Castle ndi linga lakale lomwe lili pamwamba pa thanthwelo) libwere pambuyo. Yambani ndi awa: mukupita mwezi uti, miyendo ya amene mukuyenda nawo ndi yolimba bwanji, ndipo basi kapena tram (sitima yamagetsi yoyenda m'misewu) imaima pati.

Mwezi ndiwo umalamula mtengo

Ogasiti ndi mwezi wa zikondwerero. Kuyambira 1947 mzindawu umachititsa Edinburgh International Festival, ndipo pambali pake pamakhala Fringe, yomwe inakula mpaka kuposa chikondwerero chenichenicho: zisudzo, nthabwala, magule ndi nyimbo m'maholo, m'matchalitchi, m'zipinda zapansi pa malo omwera mowa, ngakhale pamsewu penipeni. Madzulo asilikali oimba zitoliro ndi ng'oma amaguba pabwalo la kutsogolo kwa Castle pa chionetsero cha Royal Edinburgh Military Tattoo. Ngati mwadzera zimenezi, palibe mwezi wina wolowa m'malo mwake, koma dziwani kuti chipinda chomwecho chimakwera mtengo kawiri kapena kuposa, ndipo zotchipirapo zimatha kudakali miyezi. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Ngati mwadzera nyumba zakale ndi mbiri, upeweni Ogasiti, chifukwa pa Royal Mile, msewu waukulu wa Old Town, pamadzaza moti poponda pamasowa.

Mitengo imakweranso kumapeto kwa Disembala chifukwa cha Hogmanay, phwando lolandira chaka chatsopano, komanso masiku ena mu Febuluwale ndi Malichi pomwe timu ya rugby ya Scotland ikusewera pabwalo la Murrayfield. Miyezi yokomera mlendo wamba ndi Meyi, Juni ndi Sepitembala. Mu Juni dzuwa limatuluka isanakwane 5 koloko m'mawa n'kulowa cha m'ma 10 koloko usiku, kotero tsiku limodzi limagwira ntchito ya masiku awiri. Mu Disembala kumada isanakwane 4 koloko masana. Zipinda zimatsika mtengo mu Januwale, koma nthawi yoona malo imachepanso.

Mvula yake kawirikawiri ndi yamawawa ngati chiperoni, ndipo imabwera ndi mphepo yomwe imatembenuza ambulera. Jekete yosalowa madzi yokhala ndi chipewa chake ndiyo imathandiza, ngakhale mu Julayi. Nthawi zina chifunga chochokera kunyanja, chomwe eni ake amachitcha haar, chimaphimba mzinda wonse. Tsiku limenelo si lokwera phiri.

Powerengera ndalama, onjezani msonkho wa alendo wa 5 peresenti pamtengo wa malo ogona, woyamba pa 24 Julayi 2026, womwe umawerengedwa pa mausiku asanu oyambirira okha.

Old Town: pakati penipeni, ndi mtengo wake

Royal Mile ndi msewu wotsika kuchokera ku Castle mpaka kunyumba yachifumu ya Holyroodhouse, ndipo m'mbali mwake muli tinjira topapatiza tomwe amatitcha close, tambiri totsetsereka. Mukagona kuno, Castle, tchalitchi cha St Giles ndi National Museum of Scotland zonse mumafikako wapansi m'mphindi zochepa, ndipo mumauona msewuwo m'mamawa alendo asanadzaze, womwe ndi ubwino weniweni wa dera limeneli.

Koma walira mvula walira matope. Grassmarket ndi Cowgate ndi kumene kuli malo ambiri omwera mowa ndi ovinira, ndipo Lachisanu ndi Loweruka phokoso limapitirira mpaka 3 koloko m'bandakucha. Nyumba zambiri ndi zakale, mawindo ake ndi a galasi limodzi, phokoso ndi kuzizira zimalowa pamodzi. Misewu ndi yoyala miyala, mdani wa matayala a sutikesi ndi nsapato za gogoda. Pochoka pasiteshoni ya Waverley ndi katundu, musatsate foni ikakulozerani ku Fleshmarket Close, chifukwa ndi masitepe okhaokha. Kwerani msewu wa Cockburn Street, womwe umakhota pang'onopang'ono mpaka ku Royal Mile.

Old Town ndi yoyenera munthu wa mausiku awiri, wa chikwama chimodzi, wa tulo tosavuta. Ngati mwasankha kuno, mbali ya kumunsi ya Canongate ndi yabata kuposa Grassmarket, ndipo pemphani chipinda choyang'ana kumbuyo. Kwa agogo a mawondo ovuta kapena banja lokankha kangolo ka mwana, ndalama zomwezo zikagwira ntchito bwino kwina.

New Town ndi Haymarket

Dzina lisakusokonezeni: New Town ndi yatsopano poyerekeza ndi Old Town basi. Pulani yake inajambulidwa ndi James Craig m'ma 1760, ndipo mbali ziwirizi zinalowa pamodzi pamndandanda wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse mu 1995. Misewu yake itatu ikuluikulu, Princes Street, George Street ndi Queen Street, ndi yotakata, yowongoka, yosavuta kuyendamo. Tram imadutsa mu Princes Street, mabasi ambiri nawonso, ndipo depoti ya mabasi a maulendo aatali ili pafupi ndi St Andrew Square. Kupita ku Old Town ndi kungowoloka North Bridge kapena kukwera msewu wa The Mound.

Mwa madera onse, kuno ndiye kophweka kwa munthu wofika koyamba, ndipo mitengo nayo imadziwa zimenezo. Chenjezo limodzi: mahotela ang'onoang'ono ambiri ali m'nyumba zakale zotetezedwa ndi lamulo, momwe kuika chikepe n'kovuta, ndipo chipinda chotchipa kawirikawiri chimakhala cha pamwamba penipeni kapena chapansi pa msewu, komwe kuwala kumachepa. Funsani musanalipire.

Haymarket, kumadzulo, ilibe kukongola kwapadera, koma ili ndi siteshoni ya sitima yakeyake, poima tram, ndiponso ili mbali ya kubwalo la ndege. Sitima zopita ku Glasgow, Stirling ndi kumpoto zimaima apa. Amene akufuna kugona ku Edinburgh n'kumayendera mizinda ina masana, apa ndi pabwino kuposa Royal Mile. Onani kaye ngati ku Murrayfield kuli masewera kapena oimba tsiku limenelo, chifukwa dera lonse limadzaza.

Leith

Leith ndi doko lakale, kumpoto kwa mzinda. Kale alendo ankakuona ngati kutali, koma kuyambira Juni 2023 njanji ya tram inafika mpaka ku Newhaven kudzera mu Leith Walk, The Shore ndi Ocean Terminal. Tsopano mukhoza kukwera pabwalo la ndege n'kutsikira ku Leith osasintha, ndipo kuchokera ku The Shore kufika pakati pa mzinda ndi pafupifupi mphindi 20. Dera lake ndi lafulati, malo odyera ndi ambiri, ndipo mu Leith Walk muli masitolo a zakudya zochokera m'mayiko osiyanasiyana, momwe mitengo ndi ya anthu okhala konko osati ya alendo.

Kwa amene akukhala mausiku anayi kapena kuposa, Leith ndiye chisankho chanzeru kuposa zonse. Chofunika ndi kuona mtunda wochokera pakhomo kufika poima tram, chifukwa dzina loti Leith limaphimba dera lalikulu, ndipo malo ena ali kutali ndi njanji. Tram siyenda usiku wonse. Mukachedwa, pali mabasi ausiku omwe nambala zawo zimayamba ndi N.

Newington ndi kumwera

Mukatsata South Bridge kulowera kumwera, msewu umodzi womwewo umasintha mayina: Nicolson Street, Clerk Street, Newington Road, Minto Street, Mayfield Gardens. Kumunsi kwake ndi kumene kuli nyumba zambiri za alendo zoyendetsedwa ndi mabanja, zomwe amati guest house kapena B&B, ndipo zambiri zimapereka chakudya cham'mawa chokhutitsa mpaka masana. Tram kulibe, koma mabasi amadutsa pafupipafupi, ndipo wapansi ndi theka la ola kufika ku Royal Mile. Poti ndi dera la ophunzira a University of Edinburgh, zakudya ndi zotsika mtengo. Asilamu apeza mzikiti waukulu wa mzindawu pa Potterrow, ndi malo ambiri odyera a halaal mozungulira. Odzera pagalimoto, nyumba zina za kuno zili ndi poimika galimoto, chinthu chosowa kwambiri pakati pa mzinda.

Stockbridge ndi yokongola, yabata, pafupi ndi Royal Botanic Garden ndi Dean Village, koma popita kumeneko mumatsika ndipo pobwera kutauni mumakwera, tram kulibe. Portobello ili ndi mchenga wa m'mbali mwa nyanja. Madzi ake musawayerekeze ndi a ku Mangochi.

Hotela, fulati, hositelo kapena chipinda cha ophunzira

Mahotela a makampani monga Premier Inn, Travelodge ndi ibis sadabwitsa munthu: kawirikawiri chikepe chilipo, wolandira alendo alipo, chipinda chimafanana ndi chomwe munaona pachithunzi. Mitengo yawo imasintha tsiku ndi tsiku, ndipo mtengo wotsika kwambiri nthawi zambiri ndi wosabweza ndalama. Apa pamagwa ambiri. Amalawi, Azambia, Amozambiki, Azimbabwe ndi a ku South Africa amafunika viza ya United Kingdom, ndipo viza ya Schengen, yolowera mayiko ambiri a ku Ulaya, sigwira ntchito ku Scotland. Viza isanatuluke, sungitsani chipinda chomwe mungathe kuchisiya osataya ndalama, ngakhale chikwereko pang'ono.

Fulati yochita lendi imapindulitsa anthu anayi kapena kuposa, makamaka chifukwa cha khitchini: kudya kunja katatu patsiku ndi kumene kumatha ndalama msanga, pomwe masitolo a zakudya a Lidl, Aldi ndi Tesco ali paliponse. Zovuta zake ndi zitatu. Mafulati ambiri ali m'nyumba zosanjikizana zakale zopanda chikepe, ndipo sutikesi ya makilogalamu 23 muinyamula nokha pamasitepe ozungulira. Chachiwiri, makiyi kawirikawiri amasiyidwa m'kabokosi kotsegula ndi nambala yomwe amakutumizirani pafoni; mukatera opanda intaneti, muima panja pamphepo, choncho koperani uthengawo musanachoke pabwalo la ndege. Chachitatu, lamulo la Scotland limafuna kuti nyumba zoterezi zikhale ndi chiphaso cha khonsolo, ndipo nambala yake iyenera kuoneka pomwe akutsatsa. Yopanda nambala isiyeni. Wina akati mutumize ndalama kubanki yake mwachindunji kuti akuchotsereni mtengo, ndi msampha.

Hositelo, momwe anthu osadziwana amagona chipinda chimodzi pa mabedi osanjikiza, ndi ya woyenda yekha wofuna kusunga ndalama. Tengani loko wanu wa kabati. Mukakhala awiri, werengani bwino: mabedi awiri mu hositelo nthawi zina amafika pamtengo wa chipinda chanuchanu ku Newington.

Njira yomwe ambiri saidziwa ndi zipinda za ophunzira, zomwe mayunivesite amachititsa lendi nthawi ya tchuthi chachikulu. Pollock Halls, za University of Edinburgh, zili patsinde pa phiri la Arthur's Seat. Zipinda ndi zazing'ono, zina mabafa ndi ogawana, koma mu Ogasiti zimapulumutsa.

Kulikonse kumene mugone, mapulagi ndi a mano atatu ofanana ndi a ku Malawi, ndipo madzi a pampopi ndi abwino kumwa.

Zolipira ndi zaulere

Malo olipira akuluakulu ndi atatu, ndipo si onse oyenera aliyense. Edinburgh Castle ndiye woyamba: muli kachalitchi ka St Margaret, nyumba yakale kuposa zonse mumzindawu, ya m'zaka za m'ma 1100, muli chisoti ndi zida zaufumu wa Scotland, muli mzinga waukulu wa Mons Meg. Mzinga wina amauomba 1 koloko masana tsiku lililonse kupatula Lamulungu, Lachisanu Loyera ndi Khirisimasi, mwambo woyamba mu 1861 pothandiza amalinyero kukonza mawotchi awo. Gulani tikiti pa intaneti pasadakhale, chifukwa imakhala ya nthawi yake ndipo m'miyezi yotentha matikiti amatha. Sankhani pakati pa ziwiri: kulowa akangotsegula anthu asanachuluke, kapena cha m'ma 11 koloko kuti mzinga ukupezeni mkati. Patulani maola awiri kapena atatu. Masutikesi ndi zikwama zikuluzikulu salola, ndiye musakonze zodzerako popita kubwalo la ndege pokhapokha katundu mwamusungitsa ku Waverley. Mwala wodzozerapo mafumu, Stone of Destiny, suli kuno. Unasamukira ku Perth mu 2024.

Holyroodhouse ndi nyumba yomwe mfumu imafikira ikabwera ku Scotland, choncho imatsekedwa nthawi zina, makamaka chakumapeto kwa Juni kapena kumayambiriro kwa Julayi. Chokopa chake ndi zipinda za Mary, Queen of Scots, mfumukazi yakale ya Scotland, momwe mlembi wake David Rizzio anaphedwera mu 1566. Ndi yafulati poyerekeza ndi Castle, yabwino kwa achikulire. Wachitatu ndi sitima yapamadzi yachifumu ya Britannia, yomwe inasiya ntchito mu 1997 ndipo ili ku Ocean Terminal. Ana amaikonda kuposa nyumba zamiyala.

Mukafuna onse atatu m'masiku awiri, Royal Edinburgh Ticket imawaphatikiza ndi mabasi oyendera alendo kwa maola 48. Explorer Pass ya Historic Scotland ndi yosiyana: imalowetsa ku Castle, ku Stirling Castle ndi ku Craigmillar Castle, koma osati ku Holyroodhouse kapena ku Britannia, poti eni ake ndi ena. Ngati mukufuna malo amodzi okha, tikiti wamba ikukwanirani.

Kunena zoona, zabwino zambiri za mzindawu n'zaulere. National Museum of Scotland pa Chambers Street ikhoza kukudyerani tsiku lathunthu. Muli nkhosa ija Dolly, yobadwa mu 1996 kuchokera ku selo la nkhosa ina, ndipo padenga pali poonera mzinda. Nyumba ya zojambula ya pa The Mound, munda wa Royal Botanic Garden ndi nyumba ya malamulo ya Scotland, yotsegulidwa mu 2004, nakonso salipiritsa pakhomo. Sungani malo a m'nyumbawa kuti mukalowemo tsiku la mvula.

Pa mapiri awiri, ambiri amathamangira Arthur's Seat, lotalika mamita 251. Kwa wozolowera Mulanje ndi kachulu, koma pamwamba pake ndi miyala yoterera, mphepo ndi yamphamvu, ndipo kupita ndi kubwera kuchokera ku Holyrood ndi pafupifupi maola awiri. Calton Hill, kumapeto a Princes Street, mumakwera m'mphindi 10, ndipo chithunzi chotchuka cha mzindawu chimajambulidwa pamenepo. Pamwamba pali nsanamira 12 za chipilala chomwe anayamba mu 1826 n'kuchisiya mu 1829 ndalama zitatha, umboni woti nyumba zoima pa lintala si za kwathu kokha. Nthawi ikachepa, Calton Hill.

Kufika ndi kuyenda

Kuchokera pabwalo la ndege, tram ndi basi ya Airlink 100 zonse zimatenga pafupifupi theka la ola kufika pakati pa mzinda. Tram siichedwa kwambiri ndi magalimoto, ndipo imapitirira mpaka ku Leith. Lipirani papulatifomu musanakwere, chifukwa kulipira mkati kumakwera mtengo. Airlink imayenda usana ndi usiku, ndiye ndege yanu ikatera pakati pa usiku, ndi imeneyo. Takisi imapindulitsa mukakhala atatu kapena anayi ndi katundu. M'mabasi a mumzinda a kampani ya Lothian dalaivala sapereka tchenji. Gwiritsani ntchito khadi ya kubanki imodzimodzi tsiku lonse, makina amasiya kudula mukafika pamtengo wa tikiti ya tsiku.

Okhala ku England, sitima yochokera ku London King's Cross imatenga pafupifupi maola anayi ndi theka, n'kukutsitsani ku Waverley, pakati penipeni. Pagalimoto samalani: kuyambira pa 1 Juni 2024, pakati pa mzinda saloleza magalimoto otulutsa utsi wambiri, makamaka a dizilo akale asanafike muyezo wa Euro 6 ndi a petulo asanafike Euro 4. Palibe zolipira kuti mulowe. Makamera amangojambula nambala, chindapusa cha mapaundi 60 n'kukutsatirani, ndipo chimawirikiza mukabwereza. Ngati simugona mumzindawu, siyani galimoto ku Ingliston Park and Ride, poimika magalimoto pafupi ndi bwalo la ndege, n'kukwera tram.

Ndalama zapepala za ku Scotland zimasindikizidwa ndi mabanki atatu akumeneko. Ndi mapaundi omwewo, koma kunja kwa Scotland ena amazikana, ndipo osintha ndalama kwathu sazizolowera. Zigwiritseni ntchito musanachoke.

Kumene mbiri yathu imakumana ndi yawo

Pafupi ndi chipilala chachitali cha Scott Monument, mu Princes Street Gardens, pali chiboliboli cha David Livingstone, choimikidwa mu 1876, chaka chomwe Church of Scotland inayamba mishoni ya Blantyre. Akhristu a CCAP adzafuna kulowa mu St Giles, momwe John Knox, mtsogoleri wa Chiprotestanti ku Scotland, ankalalikira, ndi kuona Assembly Hall pa The Mound, pomwe msonkhano waukulu wa Church of Scotland umakumana mu Meyi. Dr Hastings Kamuzu Banda anaphunziranso udokotala mumzindawu n'kulandira ziphaso zake mu 1941. Surgeons' Hall Museums pa Nicolson Street ikuonetsa mmene ntchito ya opaleshoni inayambira, ngakhale zina zomwe zili m'mabotolo si za wa mtima wofooka.

Blantyre weniweni, wa ku Scotland komwe wa ku Malawi anatengera dzina, ndi ulendo wa tsiku limodzi. Kwerani sitima ku Waverley kapena ku Haymarket kupita ku Glasgow Queen Street, pafupifupi mphindi 50. Yendani wapansi mphindi 10 kufika ku Glasgow Central. Tsikirani ku mapulatifomu apansi, n'kukwera sitima yoima pa Blantyre, mphindi ngati 20. Kuchokera pasiteshoni mutsike Station Road kulowera kumtsinje wa Clyde. Kumeneko kuli Shuttle Row, nyumba ya antchito a fakitale ya thonje, momwe Livingstone anabadwira pa 19 Malichi 1813 m'chipinda chimodzi chomwe banja lonse linkakhalamo. Onani masiku otsegulira musananyamuke, ndipo pogula tikiti funsani yopita ndi kubwera mpaka ku Blantyre, osati yolekezera ku Glasgow.